Mmene mungayendere bwino ndi kosi ya Discrete Mathematics kuyambira sabata yoyamba

Ngati mwalowa maphunziro a kompyuta, kaya ku MUBAS pa Ginnery Corner pomwe ambirife timatchulabe kuti pa Poly, kaya ku MUST ku Thyolo, kaya pa koleji ina mumzinda muno, simuchedwa kuona Discrete Mathematics pa ndandanda wa makosi anu. Kwina amailemba kuti Discrete Structures, koma nkhani yake ndi imodzi. Anzanu a chaka chachitatu akuopsezani nayo ndithu, ndipo sakunama kwenikweni: imagwetsa anthu. Chodabwitsa nchakuti kawirikawiri sigwetsa ofooka pa masamu. Imagwetsa akadaulo a ku sekondale, aja anakhoza MSCE poloweza mafomula ndi kubwereza mapepala akale a MANEB usiku ndi usana.

Chifukwa chake nchosabisika. Ku sekondale amakufunsani kuti yankho nchiyani. Kuno yankho amatha kukupatsani ulere, kenako nkuti: tatiuzani, mwadziwa bwanji kuti ndi loona nthawi zonse? Limeneli ndiye funso la wolemba mapulogalamu tsiku ndi tsiku, poti pulogalamu yoyenda bwino pa manambala asanu omwe mwayesa ikhoza kugwa pa nambala yotsatira, itafika kale m'manja mwa anthu. Masamu ake ndi a zinthu zowerengeka chimodzichimodzi, osati zoyeza ngati liwiro la galimoto zija za calculus. Kompyuta imasunga zonse mu 0 ndi 1 ndipo imagwira ntchito sitepe ndi sitepe, ndiye awa ndi masamu a kwawo.

Choyamba: konzekani sabata yoyamba isanathe

Tengani course outline kwa alekichala, muone mitu yake ndi mmene agawira malikisi pakati pa maasainimenti, mayeso a pakati pa semesita ndi omaliza. Mitu yomwe simaisowa ndi logic, proof, sets, relations ndi functions, kuwerenga njira, modular arithmetic, ndi graphs. Gulani kope lalikulu lachikuto cholimba. Kutsogolo muzilemba masamu, ndipo masamba akumapeto muwasungire matanthauzo okha.

Matanthauzowo musawapeputse. Mukafunsa munthu kuti even number nchiyani nkuyankha kuti "ndi monga 2, 4, 6", ameneyo sangalembe proof (mfundo zotsimikizira kuti chinthu nchoona nthawi zonse) ngakhale imodzi. Woyankha kuti "ndi nambala yomwe ingalembedwe ngati 2k, pomwe k ndi integer" wagwira kale theka la ntchito. Tanthauzo lililonse latsopano lilembeni ndendende mmene lilili, pansi pake muike chitsanzo chimodzi cholowa m'tanthauzolo ndi china chosalowa. Chachiwiricho ndiye chimaphunzitsa kwambiri.

Chachiwiri: khalitsani pa logic

Ambiri amathamanga pamutu uwu poona kuti ma truth table ndi ophweka. Musatero. Zonse zakutsogolo zaima pamenepa, makamaka pa mawu oti "ngati".

Tengani chiganizo ichi: ngati muli ku Ndirande, ndiye kuti muli mu Blantyre. Nchoona. Tsopano chitembenuzeni: ngati muli mu Blantyre, ndiye kuti muli ku Ndirande. Bodza limenelo, mwina muli ku Bangwe kapena ku Chilomoni. Chotembenuzacho ndi converse, ndipo choyamba chija kukhala choona sikuchipatsa mphamvu iliyonse. Koma ichi: ngati simuli mu Blantyre, ndiye kuti simuli ku Ndirande, nchoona, ndipo chidzakhala choona nthawi iliyonse yomwe choyamba chili choona. Imeneyi ndi contrapositive. Malikisi ochuluka amatayika m'kosi yonseyi chifukwa chosokoneza ziwirizi, munthu nkutsimikizira converse akuganiza kuti wayankha funso.

Chinanso chozunguza mutu ndi mizere ya truth table yonena kuti p ikakhala yabodza, "ngati p ndiye q" nchoona. Ganizani lonjezo. Amalume akuti, "ukakhoza mayeso ndikugulira foni." Mwalakwa mayeso, sanagule: sananame. Mwalakwa, koma agulabe chifukwa cha chifundo: sananamenso. Anganame pamalo amodzi pokha, mutakhoza iwo osagula. Mzere wabodza ndi umodzi womwewo.

Dziwaninso kuti "kapena" wa masamu amalola zonse ziwiri. "Ali ndi chiphaso cha unzika kapena pasipoti" nchoonabe kwa munthu yemwe ali nazo zonse. Kenako phunzirani kukana chiganizo molondola. Kukana "maminibasi onse amadutsa pa Chichiri" si kunena kuti palibe yodutsapo, koma kuti ilipo imodzi, ngakhale imodzi yokha, yosadutsapo. Kukana "A ndi B" kumapereka "osati A kapena osati B", limodzi mwa malamulo a De Morgan, ndipo mudzaligwiritsa ntchito nthawi iliyonse mukamakonza `if` wosokonekera mu khodi yanu. Pomaliza, samalani ndi dongosolo la ∀ ("aliyense") ndi ∃ ("alipo wina"). "Munthu aliyense ali ndi mayi ake" ndi "pali mayi mmodzi yemwe anabereka aliyense" zili ndi zizindikiro zofanana, zangosinthana malo, koma china nchoona china nchamisala.

Zimenezi si zongovutitsira ana asukulu. George Boole anasandutsa kuganiza kotereku kukhala algebra cha m'ma 1847 ndi 1854, kompyuta kulibe. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT, anasonyeza kuti algebra yomweyo imafotokoza mmene maswichi amagetsi amagwirira ntchito. Ma AND, OR ndi NOT omwe ali mu purosesa ya foni yanu ndi omwewo mukuwalemba mu kope.

Chachitatu: phunzirani kulemba proof ndi dzanja lanu

Yambani ndi kuvomereza kuti zitsanzo, zichuluke bwanji, si proof. Yesani n² + n + 41. Pa n = 0 mupeza 41, pa 1 mupeza 43, pa 2 ndi 47, pa 3 ndi 53, onsewo ma prime. Mukhoza kupitiriza mpaka n = 39 osaphonya. Pa n = 40 mupeza 1,681, yomwe ndi 41 × 41. Zitsanzo 40 zavomera, chimodzi chagwetsa zonse. Ndiye pokana chiganizo cha "onse", chitsanzo chimodzi chotsutsa nchokwanira, koma pochitsimikizira pamafunika mfundo.

Mukapatsidwa funso la proof, tsatani njira iyi. Pamwamba pa pepala lembani zomwe mwapatsidwa. Pansi penipeni lembani zomwe mukufuna kufikapo. Kenako masulani mawu onse aukadaulo pogwiritsa ntchito matanthauzo aja. Nthawi zambiri mukatero, msewu wapakati umaoneka wokha. Mwachitsanzo: sonyezani kuti n ikakhala odd, n² nayonso ndi odd. Mwapatsidwa n = 2k + 1. Mukufuna n² ilembedwe ngati 2 kuchulukitsa ndi integer ina, kuphatikiza 1. Ndiye n² = 4k² + 4k + 1 = 2(2k² + 2k) + 1. Poti 2k² + 2k ndi integer, n² ndi odd. Basi, yatha.

Njira yolunjikayi ikakana, yesani contrapositive. Funso loti "n² ikakhala even, n ndi even" ndi lovuta kuliyamba chamutu, koma contrapositive yake ndi yomwe tangoitsimikizirayi. Zikakanabe, yesani contradiction: yerekezani kuti zomwe mukufuna nzabodza, muzitsate mpaka zitadzitsutsa zokha.

Lembani m'ziganizo zathunthu. Proof si mulu wa zizindikiro. Ikani mawu olumikiza monga "since", "therefore", "suppose", kuti wochonga aone chifukwa chomwe mwachokera pamzere uwu kupita pawinawo. Ndipo pali msampha umodzi womwe umakola pafupifupi aliyense: kuwerenga proof ya m'buku, kugwedeza mutu, nkumati ndamva. Tsekani bukulo, muilembe nokha. Pomwe mwaima ndi pomwe simunamve.

Chachinayi: induction

Apa ndi pomwe ambiri amayamba kuloweza mawu osadziwa chomwe akuchita, ndiye tiyeni tigwiritse ntchito ndalama. Nayi mfundo: ndalama iliyonse yoyambira K400 kukwera, yokwera ndi K100 K100, mukhoza kuilipira ndi ma K200 ndi ma K500 okha, popanda chenji.

Poyambira pake, base case: K400 ndi ma K200 awiri. Zatheka. Tsopano yerekezani kuti mwakwanitsa kulipira ndalama ina yake, yosachepera K400. Kodi mungawonjezere K100 bwanji? Yang'anani mapepala omwe mwaika patebulo. Ngati pali K500, ichotseni muike ma K200 atatu, mwakwera ndi K100. Ngati palibe K500, ndiye kuti onsewo ndi ma K200, ndipo alipo awiri kapena kuposa poti ndalamayo sichepera K400. Chotsani awiri muike K500 imodzi, mwakweranso ndi K100. Njira zonse ziwiri zatseka, palibe yachitatu. Choncho kuchoka pa K400 mufika pa K500, kuchoka apo K600, osalekeza.

Onani pomwe tagwiritsa ntchito mawu oti "yosachepera K400". Popanda amenewo mfundoyi ikanagwa, ndipo nzoona, K300 simungailipire ndi mapepala amenewa. Mu proof iliyonse ya induction, lozani ndi chala pamzere womwe mwagwiritsa ntchito chomwe munayerekeza chija. Mukapanda kuupeza, simunachite induction, mwangolemba mitu yake. Mukadzafika pa recursion m'kalasi ya programming mudzaona kuti ndi kaganizidwe komweka: function yodziitana yokha yopanda base case siima.

Chachisanu: sets, relations ndi functions

Ma Venn diagram munawaona kale ku sekondale, ndiye pano simuvutika kwambiri. Zatsopano nzochepa: kutsimikizira kuti ma set awiri ndi ofanana posonyeza kuti iliyonse ili mkati mwa inzake, ndiponso kuti set ya zinthu n ili ndi ma subset 2ⁿ. Pa relations, yesani tanthauzo lililonse pa anthu. "Amakhala dera limodzi ndi" ndi reflexive (aliyense amakhala dera limodzi ndi iye mwini), symmetric (mukatembenuza anthuwo nzoonabe) komanso transitive (A akakhala ndi B, B ndi C, ndiye A alinso ndi C), nchifukwa chake imagawa anthu a mumzinda m'magulu osalowerana. "Ndi mnzake wa" si transitive, mnzake wa mnzanu akhoza kukhala mdani wanu. Mutu uwu umaoneka wouma, koma mu 1970 Edgar Codd wa ku IBM anamanga maziko a ma database pa relations zomwezi, ndipo tebulo lililonse lomwe mudzalifunse ndi SQL ndi relation.

Chachisanu ndi chimodzi: kuwerenga njira

Musathamangire nPr ndi nCr pa kakyuleta. Dzifunseni kaye mafunso awiri: kodi dongosolo lili ndi ntchito, nanga kubwereza nkololedwa? Kusankha anthu 3 mwa 10 kuti akhale komiti kuli ndi njira 120. Kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma mwa anthu 10 omwewo kuli ndi njira 720, chifukwa tsopano yemwe wakhala pati zili ndi ntchito. Ligi ya matimu 16 yomwe timu iliyonse imakumana ndi inzake pakwawo ndi koyenda ili ndi masewero 16 × 15, omwe ndi 240. PIN ya manambala anayi ili ndi njira 10,000 zokha, zomwe kompyuta ingaziyese zonse m'kuphethira kwa diso, nchifukwa chake amakutsekerani mukaphonya kangapo. Pasiwedi ya zilembo zazing'ono 8 ili ndi njira 26⁸, zoposa 208 biliyoni.

Mukakayika fomula, chepetsani funsolo. M'malo mwa anthu 10 ikani 4, mulembe njira zonse ndi dzanja, muone ngati fomula ikugwirizana nazo.

Pigeonhole principle, yoti nkhunda zikachuluka kuposa zisa zina zimagawana chisa, imaoneka yachibwana: anthu 13 akakhala m'chipinda, awiri mwa iwo anabadwa mwezi umodzi, poti miyezi ilipo 12. Koma ndi mfundo yomweyi yomwe imatiuza kuti hash table, njira ina yosungira zinthu m'kompyuta, singathawe ma collision (zinthu ziwiri kugwera malo amodzi) zinthu zikachuluka kuposa malo. Vuto pamayeso limakhala kuzindikira kuti nkhunda ndi ziti ndipo zisa ndi ziti. Zitchuleni poyera musanalembe china.

Chachisanu ndi chiwiri: zotsala pogawa

Wosewera bawo amachita modular arithmetic osaitchula dzina. Mbali yake ili ndi maenje 16. Muwapatse manambala kuyambira 0 mpaka 15. Mukatola njere 14 pa dzenje 5 nkumafesa chokwera, yomaliza igwera pa 19 mod 16, lomwe ndi dzenje 3. Chimodzimodzi masiku: lero likakhala Lachiwiri, pakatha masiku 100 lidzakhala Lachinayi, poti 100 kugawa ndi 7 imatsala 2.

Pamutu uwu gwiritsitsani algorithm ya Euclid, yomwe inalembedwa zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe ndipo ikugwirabe ntchito m'makompyuta. Kupeza gcd (nambala yaikulu kwambiri yogawa onse awiri osatsala kanthu) ya 252 ndi 105: 252 kugawa ndi 105 itsala 42, 105 kugawa ndi 42 itsala 21, 42 kugawa ndi 21 sitsala kanthu. Yankho ndi 21. Njira ya RSA yobisira uthenga, yomwe Rivest, Shamir ndi Adleman anapanga mu 1977, yaima pa masamu omwewa ndi pa mfundo yoti kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu nkosavuta, koma kubwerera kuchoka pa yankho kuti muwapezenso nkovuta zedi.

Chachisanu ndi chitatu: graphs

Jambulani timadontho toimira Limbe, Chichiri, Ginnery Corner, Wenela, Ndirande, Zingwangwa ndi Chirimba. Lumikizani ndi mzere malo awiri alionse omwe minibasi imakufikitsani osasintha, ndipo pamzerepo lembani mtengo womwe munalipira posachedwa. Mwapanga weighted graph. Pa graph yanuyi yesani tanthauzo lililonse lomwe alekichala apereke: degree, path, cycle, connected. Mukafika pa algorithm ya Dijkstra, yomwe inasindikizidwa mu 1959, iyendetseni ndi pensulo kuti mupeze njira yotchipa kuchoka ku Chirimba kukafika ku Limbe.

Mutu wonsewu unayamba mu 1736, pomwe Leonhard Euler anayankha funso la milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg, womwe lero ndi Kaliningrad: kodi munthu angawoloke mlatho uliwonse kamodzi kokha paulendo umodzi? Euler anaona kuti malo alionse omwe mukungodutsa amafuna mlatho wolowera ndi wina wotulukira, ndiye milatho yake iyenera kukhala even. Malo okhala ndi milatho odd angakhale poyambira kapena pothera pokha, choncho asapose awiri. Ku Königsberg malo onse anayi anali odd, ndipo ulendowo unali wosatheka. Sanayese njira zonse, anangopeza chifukwa.

Kumbukiraninso kuti tree (graph yolumikizana yonse, yopanda njira yozungulira) ya madontho n ili ndi mizere n − 1, ndipo mafoda a mu laputopu yanu ndi tree. Ngati kosi yanu ifika pa Big-O, njira yoyezera mmene ntchito ya pulogalamu imakulira zinthu zikachuluka, chitsanzo ichi chikuthandizani kumva kulemera kwake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi. Kufufuza dzina limodzi mzere ndi mzere kungafune kuyang'ana maina onsewo. Maina akakhala m'dongosolo la alifabeti, binary search imalipeza isanapose masitepe 25, chifukwa sitepe iliyonse imataya theka.

Kayendetsedwe ka sabata ndi sabata

Kosi iyi sifuna kuswa usiku umodzi mayeso ali mawa. Ola limodzi tsiku lililonse limaposa Loweruka lathunthu, chifukwa funso lomwe lakukanikani madzulo nthawi zina limamasuka lokha mmawa muli mu minibasi. Ubwino wake sifuna bandulo kapena magetsi. Kukathima, kope ndi pensulo nzokwanira.

Mafunso a tutorial muziyamba mwayesa nokha, mphindi zosachepera 20 pa funso, musanapite ku gulu. Gululo likhale la anthu atatu kapena anayi. Mmodzi alembe proof pa bolodi, enawo ntchito yawo ikhale kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" pamzere uliwonse. Gulu lomwe mmodzi amalemba ena nkumajambula ndi foni lithandiza mmodzi yekhayo. Chikakukanikani nonse, pitani kwa alekichala ndi pepala losonyeza pomwe mwafika ndi pomwe mwaima. Safunsa anadya phula, komanso wofunsa kuti "sindikumva chilichonse" nkovuta kumuthandiza.

Laputopu ikapezeka, sandutsani zomwe mwaphunzira kukhala khodi. Euclid uja mu Python ndi mizere inayi:

```
def gcd(a, b):
    while b != 0:
        a, b = b, a % b
    return a
```

Mukailemba, dzifunseni chifukwa chomwe `while` ameneyu sangazungulire mpaka kalekale. Yankho ndi loti chotsala chimachepa ulendo uliwonse ndipo sichingatsike kupyola 0. Imeneyo ndi proof, ndipo mwaipanga pa pulogalamu yanu. Ofuna zowonjezera, MIT OpenCourseWare ili ndi kosi yaulere ya Mathematics for Computer Science, manotsi ndi mafunso omwe. Koperani pa WiFi ya pasukulu.

Za ChatGPT ndi anzake, maganizo anga ndi awa: musawapatse asainimenti kuti akulembereni. Amatha kulemba proof yooneka bwino yokhala ndi dzenje pakati, ndipo inu simungalione dzenjelo ngati simunaphunzire kulemba yanu. Ngati mukufuna kuwagwiritsa ntchito, lembani yanu kaye, kenako yerekezani ziwirizo mzere ndi mzere.

Mayeso akayandikira, bwererani ku masamba akumapeto a kope lija, muone ngati mungalembe tanthauzo lililonse osaonera. Mapepala akale muwayankhe mutatchera wotchi. M'chipinda cha mayeso yambani ndi mafunso a truth table, kuwerenga njira ndi Euclid, omwe malikisi ake ndi osavuta kutola, kenako mupite ku ma proof. Proof ikakukanikani musasiye pepala loyera. Lembani zomwe mwapatsidwa, masulani matanthauzo, tchulani njira yomwe mukufuna kutsata, ndipo ngati ndi induction lembani base case ndi chomwe mukuyerekeza. Ochonga ambiri amapereka malikisi pa masitepe amenewa ngakhale simunafike kumapeto.